Batire ndi Mafunde: Malangizo kwa Woyala Netiweki pa Khondowe

WOFUNSA: Aphunzitsi, ndikufuna kuika tizipangizo toyeza madzi m'mathanki ndi m'mipope kuno ku Livingstonia, tizitumiza uthenga popanda waya. Koma nthambo za ESCOM sizifika m'zigwa zonse, ndipo sindingamatsike msewu wa Gorodi sabata iliyonse kukasintha mabatire.

MLANGIZI: Ndiye kachipangizo kalikonse kazidzikololera mphamvu pomwe kali. Nzeru imeneyi si yachilendo pa Khondowe pano. Dr Robert Laws anafika kuno mu 1894, ndipo pofika 1905 mishoni yake inali ndi magetsi ochokera ku madzi a Manchewe. Inu muli ndi dzuwa, madzi oyenda, komanso mafunde a wailesi omwe ali mumlengalenga.

WOFUNSA: Mafundewo ndi amene andikopa. Ndamva kuti munthu angatchaje foni ndi mafunde ochokera pa nsanja.

MLANGIZI: Musathamangire. Nkhani yokolola mphamvu m'mafunde ndi yoona, ndipo Mmalawi mnzathu Chomora Mikeka anaifufuza pa Yokohama National University ku Japan. Koma zokololazo n'zochepa, amaziyeza m'ma microwatt, pomwe microwatt imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a watt. Tchaja wamba wa foni amapereka ma watt 5. Komanso mukatalikira nsanja kawiri, mphamvu yofika kwa inu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale pasakhale phiri pakati. Kuno nsanja n'zotalikirana, choncho dalirani sola. Masana opanda mitambo dzuwa limagwetsa pafupifupi ma watt 1,000 pa sikweya mita, ndipo sola yabwino imatolapo gawo limodzi mwa magawo asanu.

WOFUNSA: Basi ndagula sola, nkhani yatha.

MLANGIZI: Yangoyamba. Chimene chimadya batire kwambiri ndi wailesi ikamatumiza kapena kumvetsera. Kachipangizo kazigona nthawi yaitali, kadzuke, kayeze, katumize, kagonenso. Kakamalankhula pafupipafupi, batire imatha kusanache. Kakamagona mopitiriza, mudzadziwa kuti mpope waphulika thanki itauma kale. Ntchito yanu ndi kupeza pakatikati.

WOFUNSA: Nanga mafunde otumizira uthengawo, ndingosankha alionse?

MLANGIZI: Ayi, ali ndi eni ake. MACRA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndiyo imagawa mafunde kwa a wailesi, a kanema ndi makampani ngati TNM ndi Airtel. Njira zanu ndi ziwiri. Yoyamba ndi mafunde a aliyense, monga 2.4 GHz a WiFi kapena 868 MHz a LoRa. Kumeneko mumagawana ndi ena, n'chifukwa chake ku Ulaya, pa mbali zambiri za 868 MHz, chipangizo chimaloledwa kulankhula 1 peresenti yokha ya nthawi, kutanthauza masekondi 36 pa ola. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito mipata yomwe eni ake sakuigwiritsa ntchito. Mu 2013, a Chancellor College, MACRA ndi ICTP ya ku Trieste anayesa zimenezi ku Zomba, kutumiza intaneti pa matchanelo a kanema omwe anali chete, mpaka inafika ku sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi ku chipatala cha Pirimiti. Mafunde a kanemawa amapyola mitengo ndi kuzungulira zitunda kuposa a WiFi.

WOFUNSA: Nanga mwini wa mafundewo akayamba kuulutsa?

MLANGIZI: Zili ngati munda wobwereka: mwini akafuna kulima, mumachokamo. Choncho kachipangizo kanu kazimvetsera kasanalankhule. Koma kumvetserako kumadyanso batire. Kakamvetsera pang'ono, kasokoneza mwini. Kakamvetsera motalika, mphamvu yotumizira yatha. Apa mpamene nkhani ya mphamvu ndi ya mafunde zimakumana, ndipo simungaziyeze padera.

WOFUNSA: Ndiyeza chiyani kuti ndidziwe ngati netiweki yanga ikuyenda?

MLANGIZI: Zinthu zinayi. Mwa mauthenga 100 otumizidwa, angati afika? Atenga nthawi yotani? Ndi maola angati amene kachipangizo kanali chete, ndipo chifukwa chinali batire kapena mafunde odzaza? Kasokoneza ena kangati? Lembani chifukwa cha kulephera kulikonse, apo ayi mudzagula sola yaikulu pomwe vuto ndi mlongoti wobisika kuseri kwa chitunda.

WOFUNSA: Ndiyesa mu Okutobala muno, dzuwa likuswa mtengo.

MLANGIZI: Okutobala adzakunamizani. Yesani mu Febuluwale kapena Malichi, mvula ikugwa masiku motsatizana, nkhungu itakuta phiri, masamba atanyowa n'kumafoola mafunde. Kukula kwa batire ndi kwa sola muwerengere pa sabata yoipitsitsa imeneyo. Ndipo musanakwere mumtengo kukamanga mlongoti, lemberani a MACRA akuuzeni mafunde ndi mphamvu zololedwa.