Phunziro la Mwezi Uno: Kupeza Gulu Lothandizana Kusiya Mowa

Achinyamata anzanga, phunziro lino ndiliyamba ndi nkhani ya kwathu, ndipo mwini wake wandilola kuti ndiinene. Achimwene anga amamwa mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV. Anayamba kachasu ali ku sekondale, poti anzawo ankati mwamuna samwa thobwa. Likafika tsiku la msika ankabwera usiku ali dzandidzandi, mankhwala osamwa. Atayezedwa magazi kuchipatala, zinapezeka kuti tizirombo tachulukanso m'thupi. Analumbira katatu pamaso pa mayi kuti asiya, koma katatu konse anabwerera. Zinthu zinasintha pamene namwino anawakumanitsa ndi abambo awiri omwe nawonso ankalimbana ndi mowa. Anayamba kukumana Loweruka lililonse, ndipo pano padutsa miyezi 8 achimwene osalawa.

Mowa ukukhudzana bwanji ndi HIV?

Munthu akaledzera saganiza bwino. Amene anasankha kudzisunga amaiwala lonjezo lake, ndipo wina kondomu imangokhala m'thumba. Atsikana ambiri amakakamizidwa kugonana m'malo omwera mowa. Kwa amene ali pa ma ARV, kudumphitsa mankhwala kumapatsa kachirombo mpata wochulukana, ndipo mankhwalawo amatha kusiya kugwira ntchito. Mowa umaononganso chiwindi, makamaka ngati munthu akumwanso mankhwala a TB. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma tonse tikudziwa kuti kachasu sanachoke m'midzi mwathu.

Gulu lothandizana n'chiyani?

Ndi anthu a vuto limodzi amene amakumana kuti auzane zoona ndi kulimbikitsana. Gulu lodziwika kwambiri padziko ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, pamene Bill Wilson ndi dokotala wina, Bob Smith, onse zidakwa, anaona kuti akamacheza za vuto lawo ankatha kupirira osamwa. A AA amatsata masitepe 12. Salipiritsa, amatchulana dzina loyamba lokha, ndipo chofunika kuti ulowe ndi mtima wofuna kusiya basi. Samalumbira kuti "sindidzamwanso mpaka kalekale". Amati lero lokha ndisamwe, za mawa tidzaona mawa.

Tingalipeze kuti?

Kumudzi kuno simupeza chikwangwani cholozera ku gulu lotere, ndiye pamafunika kufunsa.

1. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iye amadziwa magulu amene amakumana pafupi.
2. Funsani kumene mumalandira ma ARV kapena koyezetsa magazi. M'masapoti gulupu a anthu omwe ali ndi HIV, monga a NAPHAM, mukhoza kupezamo ena amene anasiya mowa.
3. Funsani abusa, ansembe kapena mashehe ngati pali anthu amene amakumana pa nkhaniyi.
4. Pachipatala chachikulu cha m'boma lanu pemphani kuonana ndi oona za matenda a maganizo. Uchidakwa ndi matenda, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga. Vuto likakhala lalikulu angakutumizeni ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ngakhalenso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Mukalipeza, pitani kangapo musanaganize ngati likukuyenerani. Tsiku loyamba mukhoza kungomvetsera. Koma samalani ndi gulu limene likufuna ndalama zambiri, limene limanyoza munthu akagwa, kapena lokuuzani kuti musiye ma ARV poti mwachira. Limenelo lithaweni.

Nanga ngati kulibe?

Anthu atatu ndi gulu kale. Sankhani tsiku limene chilakolako chimavuta, monga la msika, ndi malo otalikirana ndi kumowa. Gwirizanani malamulo: zokambidwa pano zithere pompano, wina akamalankhula osamudula, aliyense azinena za iye mwini, ndipo amene wamwanso abwere ndithu sabata yamawa. Pemphani mlangizi wa zaumoyo kuti azikuyenderani. Ife a kalabu tikhoza kuthandiza popempha chipinda kusukulu kapena kuperekeza mnzathu tsiku loyamba, koma tisakhale akazitape okafalitsa mayina.

Chenjezo

Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi asanaonane ndi achipatala. M'masiku atatu oyamba akhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kukomoka ngati wakhunyu. Izi si ufiti ayi, ndipo zikhoza kupha. Thamangirani naye kuchipatala. Komanso amene ali pa ma ARV azimwabe mankhwala ake ngakhale tsiku limene wamwa mowa, ndipo awauze achipatala zoona.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. N'chiyani chimachititsa achinyamata a m'mudzi mwathu kuyamba mowa?
2. Mnzathu atasiya mowa kenako n'kumwanso, tingamuuze mawu otani?
3. Ndani mwa ife apite kwa mlangizi wa zaumoyo sabata ino kukafunsa za magulu amene alipo?

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Yankho la funso lachitatu mubwere nalo pa msonkhano wotsatira, ndipo mulilembe pa pepala kuti aliyense alione popanda kufunsa.