Nthaka ya Cikungu ndi Mankhwala Ace

Acikumbi anzathu, m'maiko otentha a mvula yocepa, monga ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, tipeza minda imene iyera pamwamba ngati aiwaza ufa. Imeneyo ndiyo nthaka ya cikungu.

Kodi mcere umenewu ucokera kuti? Madzi a pansi ali ndi mcere. Dzuwa likaomba madziwo akwera nauma, koma mcere utsala pamwamba. Tsono mizu ilephera kumwa, ndipo cimanga cifota cingakhale nthaka iri yonyowa. Fodya wa m'munda wotere sayaka bwino, ndipo mtengo wace pa msika utsika.

Mcere sutheka ndi feteleza. Cimene ciucotsa ndi madzi olowa pansi. Madzi abwino a mainchi 6 akalowa m'nthaka atsuka monga theka la mcere wa m'phazi limodzi la pamwamba. Cifukwa cace ticite izi:

1. Kumene madzi a pansi ali pafupi, tikumbe ngalande zakuya kuti madzi a mcere apeze njira yoturukira. Popanda ngalande mcere ubweranso m'cilimwe.

2. Kumene madzi a pansi ali patali, tiike ngonyeka m'mizere kuti mvula isathamange, koma ilowe pansi ndi kutsitsa mcere.

3. Tisatenthe mapesi. Tiwayale pamwamba pamodzi ndi udzu, pakuti nthaka yophimbika siuma msanga ndipo mcere sukwera.

4. Tithire manyowa a m'khola ndi kompositi caka ndi caka, kuti nthaka ifewe ndi kulola madzi. Ngati iri yomata, yakuuma gwa, tifunse Mlangizi za jipisamu.

5. M'munda wothirira tibzale m'mbali mwa mzere, pakuti mcere usonkhana pamsonga pace. Madziwo tiyambe tawalawa. Ngati ali a mcere aonjeza nthendayo.

6. Zaka zoyamba tibzale thonje kapena mapira, mbeu zopirira mcere. Nyemba zisayandikireko, cimanga ndi fodya zidikire. Fodya akadzabwerera, potashi wace akhale wa sulphate, osati wa muriate amene aonjeza mcere m'tsamba.

Nchito imeneyi siitha m'dzinja limodzi, ndipo iyenda bwino eni minda yoyandikana akamvana, cifukwa ngalande ya mmodzi ikathera m'munda wa mnzace pabuka mlandu. Tiyeni tikambirane ndi anyakwawa athu, tiyambe kukumba mvula isanagwe.