Zimene Dzaleka Ingatiphunzitse za Kuphunzira

M'maphunziro a psychology, kuphunzira si za m'kalasi zokha ayi. Ndi kusintha kokhalitsa kwa khalidwe chifukwa cha zimene munthu wakumana nazo. Mbiri ya Dzaleka, m'boma la Dowa, ingatithandize kumvetsa njira ziwiri zimene kusinthaku kumachitikira.

Yoyamba ndi classical conditioning. Ivan Pavlov wa ku Russia ankaliza kaphokoso kenakake asanapatse agalu chakudya. Posakhalitsa agaluwo anayamba kuchucha dovu akangomva kaphokosoko, chakudya asanachione. Ubongo wawo unali utalumikiza zinthu ziwirizi.

Kuyambira mu 1994, Dzaleka ndi msasa wa anthu othawa kwawo, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Munthu amene anathawa kulira kwa mfuti angathe kunjenjemera, mtima n'kumagunda, atangomva chitseko chamenyetsedwa. Musamuseke. Thupi lake linaphunzira kuti phokoso lotere limabwera ndi imfa. Koma Pavlov anapezanso kuti kaphokoso kakalira kambirimbiri popanda chakudya, dovu limachepa. Alangizi amatsata mfundo yomweyi pothandiza munthu kuzolowera pang'onopang'ono, ali pamalo otetezeka, chinthu chimene chimamuopsa.

Yachiwiri ndi operant conditioning, imene B. F. Skinner wa ku America anaifotokoza m'buku lake la mu 1938. Khoswe akakanikiza kachitsulo n'kulandira chakudya, ankabwereza. Khalidwe limene labala zabwino limakula, pomwe limene labala zowawa limachepa.

Dzaleka isanakhale msasa, inali ndende m'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, ndipo ena otsekeredwamo anali akaidi a ndale. M'dzina lenilenilo mukumveka mawu a wolangidwa akulonjeza kuti adzaleka. Skinner anachenjeza kuti chilango chimangopondereza khalidwe kwa kanthawi. Sichiuza munthu choyenera kuchita, ndipo kawirikawiri chimamuphunzitsa kuopa womulangayo.

Ambiri a inu mudzakhala aphunzitsi ndi makolo. Mwana womenyedwa chifukwa cholakwa masamu angathe kudana ndi masamuwo moyo wake wonse. Mukamuyamikira nthawi yomweyo pa sitepe imene wakhoza, amayeserera ina.

Funso lokambirana: ndi phokoso, fungo kapena malo ati amene amakudzidzimutsani, nanga mantha amenewo munawaphunzira liti?