Lucius Banda, Mwana wa Munthu Wosauka

Ndi madzulo ku Bagamoyo, m'tauni ya Moatize. Amai atha kuphika nsima. Atate atsegula wailesi. Mu wailesi mukumveka ng'oma, gitala ndi limba. Kenaka munthu wayamba kuimba. Ana akumva mau onse, cifukwa akuimba m'cinenero ca kwao.

"Atate, kodi akuimbawa ndani?" wafunsa mwana wamng'ono.

"Amenewa ndi a Lucius Banda a ku Balaka," ayankha atate.

Kodi ku Balaka ndi kuti?

Balaka ali m'dziko la Malawi. Munthu wocokera ku Moatize amakwera galimoto mpaka ku Zóbuè. Pa Zóbuè pali malire. Akadutsa malire amafika ku Mwanza. Akacoka ku Mwanza amafika pa Zalewa, nakhotera kumpoto mpaka ku Balaka. Nayonso sitima ya malasha ya ku Moatize imadutsa m'boma la Balaka popita ku doko la Nacala.

Anthu a ku Zóbuè ndi a ku Balaka amamvana polankhula. Ku Moçambique amati Cinyanja. Ku Malawi amati Cicewa. Pa nthawi ya nkhondo, mabanja ambiri a ku Tete anathawira ku Malawi. Nkhondo inatha mu 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera kwao. Iwo anabwera akudziwa nyimbo za kumeneko.

Mwana wa ku Sosola

Lucius anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola, ku Balaka. Kwao sanali olemera. Mkulu wake, Paul Banda, anali woimba. Iye ankatsogolera gulu la oimba la Alleluya Band, limene linayambira pa chalichi ca Katolika ca ku Balaka.

Lucius ankaona mkulu wake akuimba. Ankamvetsera bwino. Ali ndi zaka 13 anayamba kuimba pamodzi ndi mkulu wakeyo. Sanachuke tsiku limodzi ai. Anaimba m'gululo zaka zambiri, akuphunzira pang'onopang'ono.

Limba

Nyimbo za ku Balaka zimadziwika ndi kulira kwa limba. Ena amati kiyibodi. Limba ili limayendera magetsi kapena mabatire. Lili ndi makiyi oyera ndi makiyi akuda. Makiyi akuda amakhala m'timagulu: awiri, atatu, awiri, atatu. Woimba amadina makiyi ndi zala za manja onse awiri.

Makiyi a kumanzere ali ndi mau aakulu, ngati a agogo aamuna. Makiyi a kumanja ali ndi mau aang'ono, ngati a kamwana. Kalimba nayenso ali ndi mau aakulu ndi aang'ono. Koma limba la magetsi limatha kulira ngati lipenga, ngati citoliro, ngakhale ngati ng'oma.

Msilikali wopanda mfuti

Mu 1993 Lucius anapita ku South Africa kukaphunzira za nyimbo. Kumeneko anajambula cimbale cake coyamba. Dzina lake m'Cingelezi ndi Son of a Poor Man, kutanthauza mwana wa munthu wosauka.

Masiku amenewo dziko la Malawi linali litakhala zaka zambiri ndi cipani cimodzi cokha. Anthu ankaopa kudandaula poyera. Lucius sanaope. Anaimba za anthu osauka ndi za anthu ozunzika. Nyimbo zake zambiri zinali m'cinenero ca anthu a kumudzi. Conco amai a pa msika anazimva. Mlimi anazimva. Ngakhale munthu amene sanapiteko ku sukulu anazimva.

Anthu anamupatsa dzina lakuti Soja, ndiye kuti msilikali. Koma iye sananyamule mfuti. Cida cake cinali nyimbo.

Mu 1997 anayambitsa gulu lakelake, la Zembani Band. Monga mkulu wake anamuthandiza iye, nayenso anathandiza oimba ena acinyamata. Ena mwa iwo ndi Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro.

Kugwa ndi kudzuka

Mu 2004 anthu a kumpoto kwa Balaka anasankha Lucius kukhala phungu wao ku nyumba ya malamulo. Koma mu 2006 anapezeka ndi mlandu. Khoti linapeza kuti cikalata ca sukulu cimene anaonetsa cinali cabodza. Anataya mpando wake, ndipo anakhala m'ndende ku Zomba miyezi ingapo. Kuchuka sikunamupulumutse. Cikalata ca sukulu sicigulidwa. Munthu amacipeza pophunzira.

Atatuluka m'ndende sanataye mtima. Anabwerera ku nchito yake ya kuimba. Mu 2014 anthu a kwao anamusankhanso kukhala phungu.

Pambuyo pake Lucius anadwala matenda a impso. Anamwalira ku cipatala ku South Africa pa 30 Juni 2024, ali ndi zaka 53. Anaikidwa kwao ku Balaka. Nyimbo zake zikumvekabe, ku Malawi ndi kuno ku Tete.

Ku Bagamoyo nyimbo ija yatha. Mwana wamng'ono wajambula makiyi pa dothi. Akudina ndi zala zake, akuimba m'Cinyanja.

Werengani mokweza

mba mbe mbi mbo mbu

li-mba, limba
nyi-mbo, nyimbo
ci-mba-le, cimbale
ku-i-mba, kuimba

Mau atsopano

malire: pamene dziko lina lathera, lina layambira
cimbale: nyimbo zingapo zojambulidwa pamodzi
phungu: munthu wosankhidwa kukalankhulira anthu a kwao

Yankhani

1. Kodi Lucius Banda anabadwira m'mudzi wanji?
2. Ndani anali mkulu wake?
3. Kodi makiyi a limba ndi a mitundu yanji?
4. N'cifukwa ciani amai a pa msika ankamva nyimbo zake?
5. N'cifukwa ciani anakhala m'ndende?
6. Atatuluka m'ndende anacita ciani?

Citani izi

Jambulani makiyi oyera 7 m'kope mwanu. Pamwamba pake jambulani makiyi akuda awiri, kenaka atatu. Makiyi akuda onse alipo angati? Nanga oyera ndi akuda pamodzi alipo angati?

Khalani awiriawiri. Mmodzi aimbe ndi mau aakulu. Wina aimbe ndi mau aang'ono. Kenaka sinthanani.

Kwa makolo

Mwana wa kalasi yoyamba sangawerenge yekha nkhani yonseyi. Muwerengereni pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku, ndipo iye abwereze ndi mau ake zimene wamva. Ngati pa nyumba palibe wodziwa kuwerenga, mwana akufotokozereni zimene aphunzitsi awerenga ku sukulu. Muphunzitseni nyimbo imodzi ya kwanu, ya pa mtondo kapena ya kumunda, kuti akaimbire anzake m'kalasi. Mwana amene wadziwa kuwerenga m'cinenero ca kwao savutika kwambiri akayamba kuwerenga Cipwitikizi.