Malangizo kwa Ofuna Udokotala

Lero tikulankhula nanu ana a Fomu 4 amene mumalakalaka udokotala.

Kuno kwathu simuchita kuyamba mwatenga digiri ina ayi. Khozani bwino MSCE, makamaka Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, kenako lemberani kudzera ku bungwe la NCHE, musankhe yunivesite ya KUHeS, yomwe idaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Kumeneko mumayamba ndi chaka chokonzekera, n'kudzachita zaka 5 za udokotala.

Malo ndi ochepa kwambiri. Akakusiyani, musataye mtima: Malawi College of Health Sciences ili pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central.

Makolo, musanagulitse poloti kuti mulipire koleji iliyonse, funsani kaye ngati Medical Council of Malawi imaivomereza.