Makalata Anu: Buku la Nthano Lili ndi Phindu Lanji?

Wowulutsa: Aphunzitsi, kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa Fomu 3 wa ku Mpondasi. Akuti amalume ake amamukalipira akamupeza ndi buku la nthano, amvekere bola akadapita kukathandiza kukoka chilimira. Akufunsa kuti, kodi inu buku lanu la pamtima ndi liti, nanga linakupindulirani chiyani?

Mphunzitsi: Mwanawe, langa ndi Nthondo, la Samuel Josia Ntara, lomwe linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Limatsata munthu mmodzi, dzina lake Nthondo, kuyambira kubadwa kwake: kusamvera, kuba, kuchoka pamudzi kukasaka ntchito kutali, kenako kubwerera mpaka kudzakhala mfumu. Tsono tayang'ana kwanu kuno kwa Mponda. Ndi nyumba zingati zomwe mnyamata wake ali ku Joni? Akabwera timaona foni yatsopano ndi malata padenga. Za masiku amene anagona ndi njala sanena, ndipo ife sitifunsa. Buku limakuyendetsa ulendo wonsewo usanagule tikiti ya basi. Amalume ako usawayankhe mwano. Madzulo usipa ukayanikidwa pathandala, uwawerengere mutu umodzi mokweza. Ndikukhulupirira kuti mawa lake adzafunsa okha kuti Nthondo uja zinamuthera bwanji.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya bambo wina wa kufupi ndi nyanja ya Malombe. Akuti iwo ndi Msilamu, ndipo amva kuti mabuku akalewa ndi a mishoni. Mwana wawo awerenge?

Mphunzitsi: Bambo, zimene munamvazo si zabodza. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Nthondo amatembenuka mtima n'kulowa Chikhristu. Komabe ine ndikuti awerenge, inu muli pambali pake, muzikambirana. Mwana amene walowapo m'mutu mwa munthu wa chipembedzo china savuta kukhala naye pamsika kapena m'kalasi. Mumupezerenso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe ndi Njala Bwana la Willie Zingani.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: mwana wa Chiyao akafuna buku la nthano m'chinenero cha amayi ake, amayenda mtunda wautali osalipeza. Chonsecho Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao kalekale, mu 1919, ndipo Jack Mapanje, mlakatuli wodziwika dziko lonse, ndi mwana wa boma lomwe lino la Mangochi. Asodzi, ana a ku madrasa, amayi odikira ndalama za ku Joni, onsewa akusowa wowalemba. Mwana wanuyo mumugulire kope ndi cholembera, bambo, ayambe ndi nkhani za agogo ake.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.