Mafunso ndi Mayankho: Kamera ya ku Tirening'i

Tiyambe ndi kalata ya ku Kasungu. Aphunzitsi a netibolo akufunsa kuti agule kamera ya ma megapixel angati kuti aziona bwino mtsikana akasitepa. Mayi, ma megapixel asiyireni ojambula maukwati. Inu funsani fps, chiwerengero cha zithunzi zomwe kamera imatola pa sekondi imodzi. Kanema wamba amakhala ndi 25 kapena 30. Mukajambula pa 120 n'kuonera pa 30, liwiro limatsika kanayi. Pa 240 limatsika kasanu n'katatu. Phazi lomwe layamba kutera simungalisowe.

Mnyamata wa ku Zomba akuti kodi foni ingakwane? Eya, achimwene. iPhone 6 ya 2014 inkajambula kale pa 240. Mukafuna kuyeza mmene bondo lapindikira, ikani pulogalamu ya Kinovea pa kompyuta, ndi yaulere.

Tsopano iyi ya bambo a ku Ndirande. Akuti anagula kamera yodula koma kanema akutuluka wakuda, miyendo yosaoneka bwino. Bambo, kodi mumajambula nthawi yanji? Ndikudziwa, anyamata akaweruka, dzuwa likulowa. Nkhaniyi ndimaibwereza sabata ndi sabata koma anthu simumva. Pa 240, chithunzi chilichonse chimalandira kuwala kochepa kwambiri, ndiye madzulo kamera ichite bwanji? Jambulani dzuwa lilipo, ndipo likhale kumsana kwanu. Shutter, yomwe imalowetsa kuwala m'kamera, muyiike pa 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi kuti phazi ndi mpira zisachite chimbuuzi. Mu holo mukaona kanema akuphethira, si kamera yaonongeka ayi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho sankhani 50 kapena 100 fps.

Komanso musamapatse kamera mwana aliyense amene ali pafupi. Kochi wina anandionetsa kanema wa penate. Wojambulayo atangoona mpira ukulowa analumpha ndi chimwemwe, ndiye tinaonera mitambo ndi nsonga za bulugamu, womenya mpirayo osaoneka. Gulani tripod yoikapo kamera, muyiimike chambali kwa wosewera, pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, kuti muzitha kufananiza za lero ndi za mwezi watha. Memori khadi ikhale yolembedwa V30, osati zija zotchipa zomwe zimaima pakati pa kujambula.

Ndipo ngati mukujambula ana asukulu, yambani mwapempha makolo awo. Nthawi yathera pomwepa, pitirizani kutilembera.